Allion ya pa yadi ku Chilanga: akufuna dipoziti lero, ndipereke?

Mayi a Dalitso: Odi pagulu, akuluakulu. Ndabwera kudzapempha nzeru. Mabasi a Chilanga andikwana. Ndimadzuka 04:30, koma ndikafika pa Kafue roundabout dzuwa lili kale pamutu, madzulonso kulimbirana mpando ngati tikulanda chimanga. Ndasonkhanitsa kandalama, kena ka chilimba, kena ngongole ya kuntchito. Dzulo ndinaona galimoto ya Toyota Allion yasiliva pa yadi ina yogulitsira galimoto m'mbali mwa Kafue Road kufupi ndi kwathu kuno. Ya 2008, injini 1.5, mita ikuonetsa makilomita 68,000. M'kati mukununkhira bwino, mipando ilibe banga. Akuti K135,000, koma ndipereke K20,000 lero kuti andisungire chifukwa pali bambo wina wa ku Kafue akuifunanso. White book, buku losonyeza mwini galimoto, akuti ili ndi abwana, ndidzaiona ndikamaliza kulipira. Mtima wanga wagwa kale pa galimotoyi. Ndipereke?

Malume a ku Chelstone: Amayi, ndalamayo isatuluke m'chikwama. Bambo wa ku Kafue ameneyo ndimamudziwa. Amapezeka pa yadi iliyonse mu Lusaka muno, ku Makeni aliko, pa Great East Road aliko, koma chiyambire sanagulepo ngakhale njinga.

Nabanda: Hahaha amalume mwandiseketsa. Ine anandiuza kuti ndi dokotala wa ku Kabwe.

Mayi a Dalitso: Ndiye kuti ndi bodza? Mnyamatayo amaoneka waulemu kwambiri, mpaka anandigulira madzi ozizira.

Malume a ku Chelstone: Madzi a K10 pa malonda a K135,000, inenso ndingakugulireni, ndi bisiketi yomwe.

Nabanda: Asisi, kuseka ndaseka koma mawu akuti "white book ili ndi abwana" andizizira thupi. Ndikuuzeni zanga. Zaka zinayi zapitazo ndinagula Spacio pa kayadi kena, sinditchula malo. Anandipatsa fotokope ya white book, kalata yogulitsirana yolembedwa pamanja, makiyi awiri. Akuti yeniyeniyo ibwera Lachisanu. Lachisanu linakhala Lolemba, Lolemba linakhala mwezi wamawa. Ine ndikuyenda nayo, ndagula matayala anayi atsopano, ndaika batire, ana akuitcha "yathu". Mwezi wachitatu, Loweruka m'mawa ndikuchapa zovala, pageti pafika amuna atatu. Mmodzi wanyamula white book yeniyeni m'kapulasitiki, wina pepala la ngongole. Mwini wake wakale anakongola kaloba n'kusiya bukulo ngati chikole. Wa pa yadi foni inali yozima, ndipo pamalo paja anali atayamba kugulitsapo makala. Nkhani inatenga chaka chathunthu, ndalama ndinapeza theka lokha, matayala anga anapita ndi galimoto. Mpaka lero ndikaona Spacio yobiriwira ndimayang'ana kumbali.

Mayi a Dalitso: Mayo ine! Pepani asisi. Theka lokha?

Nabanda: Theka, lolipidwa pang'onopang'ono ngati akundichitira chifundo.

Mphunzitsi wa ku Chongwe: Pepani Nabanda. Mayi a Dalitso, funso loyamba musanafunse za injini: galimotoyo ili ndi nambala ya kuno kale, kapena yangofika kumene? Chifukwa njira zake n'zosiyana. Ngati ili ndi nambala, white book ilipo ndipo pali dzina la munthu. Dzina limenelo ndiye mwini galimoto, osati amene akukupatsani madzi. Ngati yangofika, mufunse mapepala a ZRA, bungwe lotolera misonkho, osonyeza kuti msonkho unalipidwa wonse, ndi a Interpol, apolisi a pakati pa mayiko, osonyeza kuti sinabedwe kwinakwake.

Mayi a Dalitso: Ili ndi nambala, yoyamba ndi BA. Akuti inayenda kuno pang'ono chabe, mwini wake anali mayi wa ku ofesi amene amangopita nayo ku tchalitchi.

Malume a ku Chelstone: Mayi wa ku tchalitchiyo ndi mkazi wa bambo wa ku Kafue uja.

Makaniko wa ku Garden: Ndangotuluka pansi pa Noah, manja akadali akuda, koma iyi sindingaidutse. Amayi, tiwerenge limodzi. Galimoto ya 2008, makilomita 68,000. Inayenda ku Japan zaka zingapo, inatsika pa doko la Dar es Salaam, inabwera ndi mapazi ake kudzera pa Nakonde, Mpika, Serenje, Kapiri, ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000 pawokha, kenako yakhala ikuyenda mu Lusaka ndi nambala ya BA. Zingatheke, sindikukana, koma ine pa galimoto khumi zotere zimene zimabwera kwa ine, zambiri mita inabwezedwa m'mbuyo. Masiku ano ndi ntchito ya laputopu, nsima isanapse atha kale.

Mita imanama koma thupi silinama. Onani labala wa pa buleki: ngati wadyeka mpaka chitsulo chikuonekera pakona, si wa 68,000. Gwirani chiwongolero pamwamba pamene dzanja limakhala, ngati chasalala n'kumanyezimira, chagwiridwa zaka. Mpando wa dalaivala kumbali yotulukira umaphwa. Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pachipilala, ndiponso pansi pa boneti: amakaniko a ku Japan amakonda kumata kastika kolemba makilomita amene anasinthira oyilo. Zilembo zawo simuwerenga koma manambala ndi omwewa. Obweza mita ambiri amaiwala kukamatula.

Mphunzitsi wa ku Chongwe: Kuwonjezera apo, pepala limene galimoto imatulukira ku Japan limalemba makilomita amene inali nawo pamene ankaiyeza kumeneko. Kwawo galimoto yatsopano imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Ngati mwini wake anasunga pepalalo, lifunseni.

Mnyamata wa Yango (matakisi oitana pa foni): Amayi, bwanji osangotenga Vitz? Allion ni yabwino koma mafuta. Ine Vitz yanga ya 1.0 ndimazungulira nayo tauni yonse tsiku lonse, thanki siilira. Masipeya ali mbwee, ngakhale ku Chawama muwapeza.

Makaniko wa ku Garden: Mwana iwe, Vitz yako ya mapisitoni atatu ija ikanyamula anthu anayi ndi thumba la ufa pa chitunda imalira ngati chigayo cha dizilo. Amayiwa ali ndi banja.

Mnyamata wa Yango: Koma imafika, bosi.

Mayi a Dalitso: Vitz ndinayesa ya mnzanga. Pa Khirisimasi timapita kumudzi ku Katete, ana atatu, amuna anga, katundu, pobwera mbatata ndi nkhuku. Sitingakwane.

Malume a ku Chelstone: Pa mapiri a ku Luangwa paja ndi Vitz yodzaza, mudzafika pa Chaka Chatsopano.

Makaniko wa ku Garden: Allion ya 1.5 ndilibe nayo mlandu. Injini yake ndi 1NZ, yomweyo ili mu Corolla zambiri, imayendera tcheni osati lamba, ndipo palibe makaniko mu Lusaka amene sanaitsegulepo. Pamene pamafunika maso ndi giyabokosi. Allion zakale, za 2001 mpaka 2007, za 1.5 zinali ndi otomatiki wamba ya magiya anayi, yopirira nkhanza. Kuyambira 2007 anaika CVT, mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki. Si yoipa, koma imafuna oyilo wakewake. Anyamata ena a pansi pa mtengo amangothiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba, chifukwa ndi wotchipa, pakapita miyezi galimoto iyamba kunjenjemera ponyamuka, kenako kulira ngati mluzu. Ikafa, mtengo wa giyabokosi ina mudzaumva m'mafupa.

Choncho poiyesa, musalole kungozungulira yadi. Ndipo mupite m'mawa, muwauze asailize musanafike. Ikani dzanja pa boneti: ikakhala yofunda, aitenthetsa dala kuti ibise matenda a m'mawa. Injini yozizira ndiyo imanena zoona. Ikalira, wina aime kumbuyo aone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Woyera wosatha, wonunkhira motsekemera, ndiye kuti madzi akulowa mosayenera. Tsegulani chivundikiro chothirira oyilo, mukapeza phala loyera ngati chambiko, bwererani kunyumba. Mukatembenuza kiyi musanailize, magetsi onse a pa dashibodi ayake, la injini, la ABS, la airbag, kenako azime ikalira. Limene silikuyaka n'komwe, wina analichotsa kuti musaone.

Mayi a Dalitso: Abambo inu, zonsezi ndizikumbukira ine? Ndingokulipirani mubwere Loweruka.

Makaniko wa ku Garden: Ndibwera ndi kamakina kanga koyezera. Mundipatse ya basi ndi ya nsima, zina tidzakambirana. Koma dipoziti ayi.

Mwini yadi wa ku Makeni: Ndakhala chete ndikuwerenga, tsopano ndiloleni nanenso. Yadi ikunenedwayo si yanga, koma mmene mukulankhulira ngati tonse ndife akuba. Ine ndakhala pa ntchitoyi zaka zambiri, ndimalipira lendi, alonda, msonkho. Galimoto ndimagula ndi dola, ndimagulitsa ndi kwacha. Dola ikakwera galimoto ili panyanja, phindu lonse lathera m'madzi. Kuyambira 2018 msonkho wa galimoto zakale umawerengedwa potengera mtundu wake, kukula kwa injini ndi zaka zake, ndiye palibe zoti ndinamize mtengo kuti ndilipire pang'ono. Dipoziti timafunsa chifukwa anthu amabwera, ayesa galimoto, atentha mafuta, ajambula zithunzi, "ndibwera mawa", osaonekanso. Inu mukadakhala ine?

Ndipo amene amati kuitanitsa nokha ku Japan pa intaneti n'kotchipa, awerengere zonse: sitima, doko, ejenti, dalaivala wochokera ku Dar, msonkho pa Nakonde, kulembetsa, ndi miyezi iwiri kapena itatu yodikira chinthu chimene munangochiona pa chithunzi. Kwa ine mumaigwira ndi manja.

Nabanda: Palibe wanena kuti nonse, akulu. Koma tiyankheni ichi: inu mungalandire ndalama ya munthu musanamuonetse white book?

Mwini yadi wa ku Makeni: Ayi. Pamenepo sindingawaikire kumbuyo. Buku limakhala mu ofesi, wogula amaliona, amafananiza nambala ya chasisi ndi ya injini. Galimoto zambiri za nambala ya kuno zimene mumaona pa mayadi si zathu, eni ake amatisiyira kuti tiwagulitsire, ife tidyepo kenakake. Zikatero ndimamuuza wogula poyera, ndipo tsiku lolipira mwini wake amabwera ndi NRC yake, chiphaso cha unzika. Amene akubisa buku, pali chimene akubisa.

Malume a ku Chelstone: Apa mwalankhula ngati mkulu.

Mphunzitsi wa ku Chongwe: Pa nkhani ya Nabanda ija, pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Kuchokera pa lamulo la 2016 la katundu wosunthika woperekedwa ngati chikole, ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, kuli kaundula kumene mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama amalembetsa galimoto zimene anthu akongolera. Mutha kufufuza musanagule. Vuto ndi la akaloba a m'makomboni, iwo salembetsa kulikonse, amangotsekera white book m'kabati. N'chifukwa chake fotokope si kanthu. Buku lenileni m'manja, dzina lofanana ndi NRC ya munthu amene waima patsogolo panu.

Ndipo mukagula musagone pa kusintha dzina. Kalata yogulitsirana yosainidwa ndi nonse awiri, ma NRC, ma TPIN (manambala a olipira msonkho) chifukwa ZRA imadutsamo, inshuwalansi, ndiyeno galimoto ikaonedwe ku RTSA, bungwe lolembetsa galimoto. Inu muli ndi mwayi, ofesi yawo ya ku Mimosa ili pakhomo panu pomwepo. Anthu amazengereza chaka, mwini wakale wasamukira ku Solwezi kapena wamwalira, ndiye muyambe kusaka achibale ake. Komanso zindapusa za makamera a liwiro zimatsata nambala ya galimoto, funsani ngati palibe zotsalira, pamodzi ndi road tax ndi fitness.

Mayi a Dalitso: Zikomo nonse. Ndamuimbira mnyamata uja, ndamuuza kuti lero sindipereka kanthu, ndibwera Loweruka ndi makaniko wanga ndipo ndikufuna kuona buku. Wati bambo wa ku Kafue akubwera mawa ndi ndalama yonse. Ndati zikatero ndiye kuti sinali yanga.

Malume a ku Chelstone: Loweruka mudzaipeza pomwepo, atayitsukanso.

Mayi a Dalitso: Odi abale, Loweruka lija lakwana, ndabwerako ku yadi kuja. Amalume, muyambe kulosera za mvula, chifukwa tinaipeza pomwepo, yotsukidwa, matayala opakidwa mafuta. Za bambo wa ku Kafue palibe anatchulanso. Zina anene okha amakaniko, ine mutu ukadali kuzungulira.

Makaniko wa ku Garden: Tinafika 07:30 asanatsegule geti, ndiye injini tinaipeza yozizira bwino. Yalira kamodzi, utsi palibe, oyilo ndi wakuda koma alibe madzi. Tinaitulutsa pa Kafue Road mpaka kupitirira Munda Wanga, ndinaiponda, ndinaisiya, ndinaimitsa pa chitunda n'kunyamukanso. Giyabokosi ilibe vuto, yosalala. Mashoko akutsogolo atha, pa hampu ikugogoda, mabushi nawonso. Chitseko chakumbuyo kumanzere chinapentedwanso, ukayang'ana chammbali padzuwa mtundu ukusiyana pang'ono ndipo pa labala wa windo pali utoto, koma pansi chitsulo n'chowongoka, sinagundidwe kwambiri. Ndinakweza kapeti m'buti ndi pansi pa mipando kufuna matope ouma, paja mvula ikagwa galimoto zina zimasambira m'madzi a mu tauni. Mouma.

Tsopano kastika. Pachipilala cha chitseko panalibe. Koma m'kabokosi ka kutsogolo, pansi pa buku la Chijapani, munali kakhadi ka galaja ina ya konkuno, kolembedwa ndi bolopeni: oyilo anasinthidwa pa 151,300, wotsatira pa 156,300. Ndinangomupatsa mnyamata uja osanena kanthu. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako akuti mwina n'ka galimoto ina. Nambala ya galimoto yomweyo ili pamwamba pake.

Mnyamata wa Yango: Eeee! Anadula pafupifupi 90,000 yonse!

Makaniko wa ku Garden: Ndipo chopweteka n'chakuti panalibe chifukwa. 1NZ yosamalidwa pa 155,000 ikadali ndi moyo wautali. Akananena zoona ndikanawauzabe amayiwa kuti igulike, pa mtengo woyenera.

Mayi a Dalitso: Buku analibweretsa, lenileni, abwana ake atabwera. Chasisi ikugwirizana, amakaniko anandionetsa pamene inadindidwa pachitsulo, ndinawerenga ndekha chilembo chimodzichimodzi ngati mwana wa giredi 1. Koma dzina si la yadi, ndiponso si la mayi wa ku tchalitchi. Ndi la bambo. Ndinati sindilipira ndisanalankhule nawo. Anakanakana, kenako anawaimbira pa sipika. Ndi bambo wachikulire wopuma pa ntchito, amakhala ku Kafue.

Malume a ku Chelstone: Ha! Ndiye bambo wa ku Kafue alipodi! Ndabweza mawu anga, koma theka lokha.

Mayi a Dalitso: Alipo amalume, koma ndi wogulitsa osati wogula. Ndinawafunsa makilomita, anayankha osaganiza n'komwe kuti inali pa 154 chakuti pamene ankaisiya miyezi iwiri yapitayo. Za 68,000 anadabwa, mawu anasintha. Kenako anafunsa kuti andiuza mtengo wanji. Nditanena, foni inakhala zii. Iwo anawauza a yadi kuti akufuna K110,000, ndipo sabata iliyonse amauzidwa kuti msika wavuta, atsitseko. Akugulitsa kuti alipirire mwana ku koleji. Abwana aja anazimitsa sipika msangamsanga, koma bamboyo anali atanena kale kuti abwera okha Lolemba kudzatenga galimoto yawo ndi buku lawo, ndipo ngati ndikuifunabe tikumane.

Nabanda: Mulungu ndi wabwino. Gulani kwa mwini wake, a yadiwo adye mphepo.

Mwini yadi wa ku Makeni: Apa ndiye ndisiyana nanu pang'ono. Kubweza mita n'kulakwa, kuika K25,000 pamwamba mwini wake osadziwa n'kulakwanso, sindikuwateteza. Koma galimoto yakhala pa yadi yawo miyezi iwiri, mlonda akuilondera, akuitsuka, ndipo amayiwa sakanaidziwa pakadapanda yadiyo. Mwini wake awapatse kena kake ka malo. Mukazolowera kudumpha yadi mukangopeza nambala ya mwini, mawa palibe adzakuimbireni mwini pa sipika.

Nabanda: Akanafuna ka malo akananena zoona. Anadzidyera okha.

Mphunzitsi wa ku Chongwe: Zimenezo n'za pakati pa bamboyo ndi a yadi, malinga ndi zimene anapangana. Mayi a Dalitso asalowemo. Chawo n'chakuti galimoto ituluke pa yadi mwamtendere, buku lili m'manja mwa mwini, pasadzakhale wina wonena kuti ali nayo mangawa. Ndalama ipite kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa buku, osati m'chikwama. M'kalata yogulitsirana mulembemo nambala ya chasisi, ya injini, mtengo, ndiponso kuti mita ikuonetsa zosiyana ndi makilomita enieni, bamboyo asaine. Tsiku lina mudzaigulitsa inunso, musadzaoneke ngati munabweza ndinu.

Mayi a Dalitso: Limenelo sindinaliganize, zikomo aphunzitsi. Tapangana kuti Lolemba iwo ayamba amaliza zawo ndi a yadi, ine ndikafufuze ku PACRA, ndiyeno Lachiwiri tikumane ku banki, tikatero tiyambe za kusintha dzina. Ndawapempha K105,000 chifukwa cha mashoko, ati tikambirana pamaso. Amuna anga akuti abwera nawo, ngakhale dzulo lomweli ankati ndingopereka dipoziti tisaluze mwayi.

Malume a ku Chelstone: Alamu athuwo muwaike kumbuyo, agwire mafaelo.

Makaniko wa ku Garden: Ikangotuluka mubwere nayo kwa ine musanapite kulikonse, ngakhale ku tchalitchi. Tisinthe oyilo wa injini, wa CVT weniweni wa m'chitini chosatsegula, mugule nokha ndikuuzani sitolo, ndi mashoko awiriwo. Musungeko K8,000 pambali. Katete musanaiganize, tiyambe taona mmene ikuyendera mwezi umodzi.

Mnyamata wa Yango: Nanga laisensi muli nayo amayi? Ndangofunsa chabe.

Mayi a Dalitso: Ndili nayo mwanawe, ya 2019, yakhala m'chikwama osagwira ntchito. Kutsogolo ndimapita bwinobwino. Kubwerera m'mbuyo ndiye geti la apongozi anga likudziwa. Alipo angandiperekeze Lamlungu masana pa bwalo la sukulu kuno ku Chilanga?

Mnyamata wa Yango: Ndibwera ndi Vitz. Muyambire pa yaing'ono.